Ukakwera Pamsana pa Njovu Usamati Kunja Kulibe Mame

Ana anga amene munabwera kudzafuna moyo kuno ku America, ku Canada ndi ku Ulaya, ndili nanu mawu, makamaka inu amene mwangofika kumene ndipo mwayamba kusunga ndalama zogulira galimoto yoyamba ya banja. Nkhani ya galimoto imaoneka ngati ya anyamata okonda zitsulo, koma kumaiko ozizira kuno ndi nkhani ya moyo. Galimoto imene mugule chaka chino ndi yomwe idzanyamule mayi wa ana anu pochokera ku ntchito ya usiku m'mwezi wa Januwale, ndi yomwenso idzathamangire kuchipatala ndi mwana wotentha thupi msewu utakwiririka ndi chipale chofewa. Ife amene tinayamba kufika taona zambiri m'misewu imeneyi, zina zomvetsa chisoni, ndipo kukhala chete kungakhale kukulakwirani. Tcherani khutu, pajatu wakutsina khutu ndi mnansi.

Yambani mwadziwa dera limene mukukhala, chifukwa chipale sichigwa mofanana kulikonse. Abale athu ambiri ali ku South Bend m'chigawo cha Indiana, kufupi ndi nyanja ya Michigan. Mphepo yozizira ikamadutsa pamwamba pa madzi a nyanjayo, amene amakhala ofundirapo, imatenga chinyezi n'kukachikhuthula kumtunda ngati chipale chochuluka pa maola ochepa, moti chimene chimagwa kumeneko pa chaka chimaposa mita imodzi ndi theka. Zomwezo zimachitika ku Buffalo m'mbali mwa nyanja ya Erie. Ku Winnipeg ndi ku Edmonton m'dziko la Canada vuto lalikulu ndi kuzizira kofika madigiri 30 pansi pa ziro, ndipo chipale chikagwa chimauma pamsewu kwa miyezi. Ku Britain ndi ku Ireland chimabwera mwa apo ndi apo, kupatula kumapiri a ku Scotland ndi kumpoto kwa England, koma chikabwera chimapeza anthu asanakonzeke. Wokhala ku Manchester ndi wokhala ku Winnipeg safunika galimoto yofanana. Funsani eni dera amene anabadwira m'chisanumo, funsani oyandikana nawo nyumba ndi anzanu a kuntchito kuti msewu wanu umalambulidwa nthawi yanji. Safunsa anadya phula.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri pakati pathu chinachokera kwathu komwe. Tinakulira m'dziko limene galimoto yopatsidwa ulemu ndi Land Cruiser ndi Hilux, ndipo ulemuwo ndi woyenera, chifukwa mvula ikagwa misewu yafumbi ya kumidzi imasanduka matope, ndipo yotulukamo ndi galimoto yaitali yokoka ndi mawilo onse anayi. Nzeru imeneyi tinawoloka nayo nyanja. Mnyamata akangopeza ntchito maso ake amagwera pa chigalimoto chachikulu, n'kumati ndikakhala m'menemu chipale sichingandichite kanthu. Komatu m'matope mantha athu amakhala oti tititimira, ndipo tikatitimira anyamata a m'mudzi amabwera kudzakankha. Pa chipale ndi madzi oundana choopsa n'kulephera kuima. Galimoto imayenda bwinobwino, mwinanso mothamanga ndithu, kufikira pamene kutsogolo kwayaka getsi lofiira kapena mwana wa sukulu walowa mumsewu. Pamenepo mumaponda buleki, galimoto osamva.

Mfundo iyi muimvetse, chifukwa zonse zimene ndinene zatsamira pa iyo. Kukoka ndi mawilo anayi kumathandiza ponyamuka ndi pokwera mtunda. Poima, galimoto iliyonse, kaya ndi Corolla kaya ndi Land Cruiser, imagwira buleki pa mawilo onse anayi, ndiye yaikuluyo ilibe mwayi woposa yaing'ono. Ndipotu ikayamba kutsetsereka, kulemera kwake kumavuta kukubweza. Pokhota napo chimene chimagwira msewu ndi tayala. Choopsa chinanso n'chakuti galimoto yokoka ndi mawilo onse imanyamuka mosavuta ngakhale msewu uli woterera kwambiri, motero imamubisira woyendetsa zoona zake. Iye amaganiza kuti msewu uli bwino n'kuwonjezera liwiro. N'chifukwa chake chipale chikagwa usiku, m'mawa mwake m'ngalande za m'mbali mwa misewu ikuluikulu mumapezekanso magalimoto akuluakulu amene eni ake ankawadalira ndi mtima wonse. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Nanga poyambira ndi pati? Konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Galimoto yonse, pamodzi ndi banja limene lili m'katimo, imakhudza msewu pa timalo tinayi tokha, kalikonse kukula kwake kosaposa chikhatho cha munthu wamkulu. Labala wa tayala wamba amayamba kuuma kunja kukazizira kufika madigiri 7 kupita m'munsi, ndipo labala wouma sagwira msewu. Matayala a nyengo yozizira amapangidwa ndi labala amene amakhalabe wofewa m'chisanu choopsa, mizere yake ndi yakuya, ndipo ali ndi ting'alu tambirimbiri timene timaluma chipale ndi madzi oundana. Luso limeneli ndi lakale. Kampani ya Nokian ya ku Finland inapanga tayala loyamba la mtunduwu mu 1934, ndipo lero m'masitolo mudzapeza Nokian Hakkapeliitta, Bridgestone Blizzak, Michelin X-Ice ndi ena ambiri, okwera mtengo ndi otsikirapo. Galimoto yaing'ono yokoka ndi mawilo akutsogolo yokhala ndi matayala amenewa imaima msanga pa chipale kuposa chigalimoto chokoka ndi mawilo anayi chimene chavala matayala wamba. Mukaiwala zina zonse, ichi chokha musaiwale.

Kuti mulizindikire tayala loona, yang'anani m'mbali mwake. Pakhale chithunzi cha phiri la nsonga zitatu, m'kati mwake muli kachizindikiro ka chipale kooneka ngati nyenyezi. Chithunzi chimenechi chimaikidwa pa tayala lokhalo limene layesedwa pa chipale n'kupambana. Zilembo za M+S pazokha sizikwanira, chifukwa zimangonena za kapangidwe ka mizere. Magalimoto ambiri ku America ndi ku Canada amagulitsidwa ndi matayala otchedwa all-season, ndipo wogulitsa adzakuuzani kuti ndi a nyengo zonse. Dzina lisakunyengeni. Ngati phiri lija palibe, tayalalo silinakonzedwere chipale chambiri. Inu a ku Britain ndi ku Ireland, kumene chipale sichikhalitsa, pali matayala oyenda chaka chonse amene alinso ndi chithunzi cha phiricho, monga Michelin CrossClimate, ndipo kwa mabanja ambiri kumeneko amenewo ndi okwanira.

Eni maiko ano sanaone nkhani ya matayala ngati yosankha mwini. M'chigawo cha Quebec ku Canada, kuyambira mu 2008 ndi lamulo kuti galimoto ikhale ndi matayala a nyengo yozizira, ndipo masiku ano lamuloli limagwira ntchito kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi. Ku British Columbia misewu yambiri ya kumapiri imafuna matayala oyenera kuyambira pa 1 Okutobala. Ku Ontario, kuyambira mu 2016, makampani a inshulansi amalamulidwa kuchotserako mtengo munthu amene amaika matayala amenewa. Ku Germany ukapezeka ukuyendetsa pa chipale ndi matayala a nyengo yotentha ulipira chindapusa, ndipo ku Sweden ndi ku Finland kulinso malamulo otere. Awa ndi anthu amene makolo awo anakulira m'chipale. Ngati iwo sadalira luso lawo lokha, kuli bwanji ife amene tinachiona koyamba titakula kale? Galu wamkota sakandira pachabe. Ngakhale kumene mukukhala kulibe lamulo lotere, monga ku Indiana kapena ku Scotland, msewu woterera sufunsa za lamulo.

Pogula matayalawa gulani onse anayi, a mtundu umodzi. Ena pofuna kupulumutsa ndalama amaika awiri kutsogolo kokha. Zikatero kutsogolo kumagwira msewu, kumbuyo kumaterereka, ndipo pokhota galimoto imazungulira n'kuyang'ana kumene yachokera. Mizere ikatsala kuya kosakwana mamilimita 4, tayalalo latha ntchito pa chipale, ngakhale lamulo m'maiko ambiri limalola mpaka mamilimita 1.6. Ngati mukugula ogwiritsidwa kale ntchito, onani manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa. Labala wokalamba amauma ngakhale mizere ikuoneka yatsopano. Muwaike mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, chifukwa chipale choyamba chikagwa magalaja onse amadzaza ndipo mudzadikira masabata. Zengerezu analinda kwawukwawu. Muziyezanso mpweya pafupipafupi, popeza kukamazizira mpweya wa m'tayala umatsika. Za mtengo musadandaule kwambiri: pamene matayala achisanu akugwira ntchito, enawo akupuma, ndipo onse amakhalitsa.

Matayala akakhala m'malo, tsopano tikambe za galimoto yeniyeniyo. Pali yokoka ndi mawilo akutsogolo, monga Corolla, Camry ndi Civic zambiri. Injini yake imalemera pamwamba pa mawilo okokawo, ndiye imagwira msewu bwino ndithu, ndipo kwa banja lokhala m'tauni momwe misewu imalambulidwa msanga imeneyi ndi yokwanira. Pali yokankha ndi mawilo akumbuyo, monga magalimoto ena apamwamba a ku Germany ndi mapikapu ambiri. Imeneyi ndi imene imavutitsa kwambiri pa chipale, makamaka pikapu yopanda katundu, chifukwa kumbuyo kwake n'kopepuka ndipo kumangopukusa. Pali ya AWD, imene imagawa yokha mphamvu ku mawilo onse popanda woyendetsa kukhudza kanthu. Palinso ya 4x4 yachikale imene umachita kulowetsa wekha. Imeneyi ndi yamphamvu m'chipale chakuya, koma siyenera kusiyidwa yolowetsa pa tala youma, ndipo misewu ya m'nyengo yozizira imasinthasintha, apa pouma, apo poterera. Kwa banja, ngati ndalama zilipo, AWD ndiyo yopatsa mtendere.

Ndani amene akufunikadi AWD? Amene amakhala pamtunda kapena kunja kwa tauni, ndi amene amatuluka m'nyumba mathirakitala olambula msewu asanadutse. Apa ndikunena za ambiri a inu, ana anga, chifukwa ntchito zimene zimatilandira kuno ndi za unamwino, zosamalira okalamba, za m'mafakitale ndi m'nyumba zosungiramo katundu, ndipo ntchito zimenezi sizitseka chifukwa cha nyengo. Olambula amayamba ndi misewu ikuluikulu, timisewu ta m'makomo amatifikira mochedwa. Namwino wolowa ntchito m'bandakucha ndiye amaponda chipale chimene wina sanapondepo. Munthu wotere aganizirenso kutalika kwa galimoto kuchoka pansi. Corolla imatalika pafupifupi masentimita 13 kapena 14, pamene Subaru Outback ndi Forester zimafika masentimita 22, ndipo magalimoto a Subaru pafupifupi onse amabwera ali kale ndi AWD. Chipale chikaposa kutalika kumeneko, mimba ya galimoto imakhala pa chipalecho, mawilo n'kumangozungulira. Toyota RAV4 ndi Honda CR-V nazonso ndi zoyenera, koma chenjerani: zimapangidwa za mitundu iwiri, ina ya AWD, ina yokoka kutsogolo kokha, ndipo kunja zimaoneka chimodzimodzi. Onani mapepala ake musanapereke ndalama. Kutalika nako kuli ndi malire, chifukwa galimoto yaitali kwambiri sichedwa kugubuduzika ikatsetsereka n'kumenya m'mphepete mwa msewu.

Mabanja athu ndi akuluakulu, ndipo Lamulungu popita ku tchalitchi timatengako ndi mnzathu amene alibe galimoto. Ngati ana ali atatu kapena kuposa, musachite manyazi ndi miniveni. Anyamata ena amaikana ati ndi ya azimayi, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Toyota Sienna yakhala ikupezeka ya AWD kuyambira mu 2004, Chrysler Pacifica nayo ilipo ya AWD, ndipo Honda Odyssey, ngakhale imakoka kutsogolo kokha, ikavala matayala oyenera imayenda bwino m'tauni. Zitseko zake zotsetsereka zimathandiza potsitsa ana m'msewu umene milu ya chipale yaupanikiza. Popita kukaona galimoto tengani mipando ya ana mukayese ngati ikukwana ndi kumangika bwino. Ndipo amayi, mvetserani ichi: mwana asamangidwe pa mpando wake atavala chijasi chokhuthala. Pa ngozi chijasicho chimaphwa, malamba amakhala olendewera, ndipo mwana akhoza kuponyedwa. Mumangeni atavala zopyapyala, kenako mumufunditse bulangete kapena chijasicho pamwamba pa malamba.

Ambiri a ife timayamba ndi galimoto yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo palibe cholakwika. Koma onani chaka chake. Pali chipangizo chotchedwa ESC chimene chimazindikira kuti galimoto yayamba kutsetsereka cham'mbali, n'kugwira buleki pa wilo limodzilimodzi kuti ibwerere m'njira. Ku United States magalimoto onse atsopano kuyambira a 2012 amayenera kukhala nacho, ku Canada lamulo lotere linayamba mu Seputembala 2011, ndipo ku European Union linafika pa magalimoto onse atsopano mu Novembala 2014. Mukagula yakale kuposa pamenepa, funsani ngati chilimo. Mabuleki a ABS nawo muwadziwe khalidwe lake. Mukaponda mwamphamvu pa msewu woterera, buleki imanjenjemera pansi pa phazi n'kumachita phokoso. Ambiri amachita mantha n'kuchotsa phazi poganiza kuti chinachake chathyoka. Musachotse. Pondanibe, maso ali kumene mukufuna kupita, manja akuwongolera.

Pogula musakhutire ndi utoto wonyezimira ndi mipando yachikopa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kumaiko a chipale maboma amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mchere umenewu umadya zitsulo za pansi pa galimoto. Galimoto imene yatha zaka zambiri ku Michigan, ku Ontario kapena ku Scotland ikhoza kuoneka yatsopano pamwamba, pansi dzimbiri litadya mapaipi a mabuleki ndi zitsulo zimene zimanyamula thupi lonse. Musanalipire, pitani nayo kwa makaniko wosankha nokha, osati wa wogulitsayo, akaikweze m'mwamba muone ndi maso anu. Wogulitsa akakana zimenezi, chokanipo. Ku America ndi ku Canada funsani lipoti la Carfax limene limaonetsa ngozi zimene galimoto inachitapo, ndipo ku Britain mbiri ya mayeso otchedwa MOT a galimoto iliyonse imaoneka kwaulere pa intaneti. Mukaigula, muzitsukitsa kunsi kwake m'nyengo yozizira kuti mchere usakhazikike.

Pali tinthu tina timene kwathu sitinkatiganizira n'komwe. Batire limafooka m'chisanu, ndipo limene linkaliza injini bwinobwino mu Ogasiti likhoza kukana m'mawa wa Januwale. Nambala ya CCA yolembedwa pa batire imasonyeza mphamvu zake pa madigiri 18 pansi pa ziro; ikhale yokwanira galimoto yanu, ndipo batire lokalamba mulipimitse chisanu chisanayambe. Ku Winnipeg, ku Saskatoon ndi ku Edmonton mudzaona magalimoto ali ndi kawaya ka magetsi kolendewera kutsogolo. Kameneko n'kolumikiza ku magetsi kuti injini ifunde usiku, ndipo ngati mukukhala kumeneko galimoto yanu ikhale nako. Dizilo amalimba kukazizira kwambiri, ndipo galimoto ya magetsi imayenda mtunda wocheperapo m'chisanu, choncho werengerani ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku musanasankhe. Yesani chotenthetsera m'kati, yesani chochotsa nthunzi pa magalasi, onani mawaipa ndi magetsi onse. M'botolo la madzi otsukira galasi musathire madzi a pampopi, adzaundana. Gulani opangidwira chisanu. Woyendetsa amene sakuona kutsogolo, ngakhale galimoto ikhale yabwino chotani, wanyamula banja lake mumdima.

Tsopano za ndalama, pakuti apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa. Ogulitsa magalimoto kuno sakufunsani kuti muli ndi zingati, amakufunsani kuti mungathe kulipira zingati pa mwezi, kenako amatambasula ngongole kufika miyezi 72 kapena 84. Mlendo amene alibe mbiri ya ngongole m'dzikomo amapatsidwa chiwongoladzanja chokwera. Munthu amatuluka ndi chigalimoto cha mipando 8, chithunzi chimatumizidwa kumudzi pa WhatsApp, abale amaimba nthungululu, koma pofika Novembala m'thumba mulibe ya matayala. Walira mvula walira matope: galimoto yaikulu imabwera ndi mafuta ambiri, inshulansi yokwera ndi matayala akuluakulu odula. Kumudzi nako akudikira fizi ndi feteleza. Langizo langa ndi ili: pa ndalama zimene mwakonza, yambani mwapatula za matayala anayi achisanu, za makaniko woyendera galimoto ndi za inshulansi, ndipo zotsalazo ndiye mtengo wa galimoto yanu. Kugula yaing'ono yokonzeka bwino n'kwanzeru kuposa kugula yaikulu imene simungathe kuiveka.

Ndipo abambo, galimoto ya banja musagule nokha. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. M'mabanja ambiri kuno mayi ndi amene amayendetsa kwambiri: kusukulu, kogula zakudya, kuchipatala, kuntchito ya usiku. Ayenera kukhala pa chiwongolero poyesa galimotoyo, aone ngati akuona bwino kutsogolo ndi kumbuyo, ngati mapazi akufika, ngati angathe kuiimika pamalo opanikizika, ngati angafikire padenga pochotsa chipale. Galimoto imene mayi akuiopa si ya banja. Khalani pansi awirinu, muwerenge maulendo anu, ana anu ndi ndalama zanu, mugwirizane musanalowe pa chipata cha wogulitsa. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Ngakhale mutachita zonsezi, pali masiku amene galimoto iliyonse imagonja. Pa 28 Febuluwale 2018, mphepo yozizira yochokera kum'mawa itabweretsa chipale ku Britain, magalimoto mazanamazana anagona pa msewu wa M80 pakati pa Glasgow ndi Stirling. Mu Januwale 2022, pa msewu wa I-95 m'chigawo cha Virginia, anthu anatsekeredwa usiku wonse, ndipo phungu wa nyumba ya Senate, Tim Kaine, anakhala pa ulendowo maola pafupifupi 27. Mu Disembala chaka chomwecho, pa nthawi ya Khirisimasi, mkuntho wa chipale unapha anthu oposa 40 ku Buffalo ndi madera ozungulira, ena mwa iwo anapezeka m'magalimoto awo. M'misewu imeneyi munali magalimoto a mitundu yonse, okwera mtengo ndi otsika, ndipo onse anaima chimodzimodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. A zanyengo akachenjeza, kapena boma likaletsa kuyenda, khalani m'nyumba. Imbani foni kuntchito. Ngati ntchito yanu ndi yosamalira odwala, pitani mkuntho usanayambe mukagone komweko. Malipiro a tsiku limodzi sangagule moyo wa kholo.

M'galimoto muzikhala fosholo yaing'ono, chopalira magalasi ndi burashi, mabulangete, magolovesi ndi zipewa za aliyense, tochi, mawaya olizira batire, chotchajira foni, madzi akumwa, chakudya chosaonongeka, ndi kathumba ka mchenga kothira pansi pa mawilo akamaterereka. Mafuta asatsike kupitirira theka la thanki. Mukatsekeredwa, musasiye galimoto n'kuyamba kuyenda wapansi mumkuntho, chifukwa munthu amasochera pafupi pomwepo. Lizani injini mphindi 10 pa ola lililonse kuti mufunde, zenera litatsegulidwa pang'ono. Koma musanalize, tulukani mukachotse chipale kukamwa kwa paipi yotulutsa utsi. Paipiyo ikatsekeka, mpweya wakupha wa carbon monoxide umalowa m'galimoto, ndipo sununkha, suoneka, umangogonetsa. Mu Januwale 2016 ku Passaic m'chigawo cha New Jersey, mayi ndi ana ake awiri anatayika motere: anakhala m'galimoto yolira kuti afunde, bambo ali panja pomwepo akufosholera chipale. Musalowetse ana m'galimoto yolira musanaone paipi imeneyo.

Chotsala ndi woyendetsa. Laisensi ya kwathu, ngakhale ya zaka zambiri, sinakuphunzitseni chipale, ndipo ku America ndi ku Canada mukuphunziranso kuyenda kumanja kwa msewu. Dzichepetseni muphunzire. Buku la malamulo a pamsewu la ku Britain, Highway Code, limachenjeza kuti pa chipale ndi madzi oundana mtunda woimira ukhoza kuchuluka kakhumi poyerekeza ndi pa msewu wouma. Siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi wakutsogolo. Ponyamuka, poima ndi pokhota chitani zonse mofatsa, ndipo chepetsani liwiro musanafike pokhota. Milatho imaundana msanga kuposa msewu wonse chifukwa mphepo imadutsa pansi ndi pamwamba. Tala ikaoneka yonyowa koma kunja kukuzizira pansi pa ziro, dziwani kuti mwina ndi madzi oundana osaoneka. Chotsani chipale chonse padenga ndi pa magalasi musananyamuke, chifukwa chikagwera wakumbuyo kapena kutsikira pa galasi lanu ndi ngozi. Chipale choyamba chikagwa, pitani ndi munthu wozolowera pa bwalo loimikapo magalimoto lopanda anthu, mukamve mmene galimoto yanu imaimira. Dzukani msanga kuti musathamange. Kuthamanga sikufika, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu atsogoleri a mipingo ndi a mabungwe a Amalawi ndi a anzathu a ku Zambia kuno, nkhaniyi ndi yanunso. Timasonkhana msanga pakagwa maliro, timasonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma tiyeni tisonkhanenso mu Okutobala. Banja likangofika kumene, wina amene wakhalitsa alipereke kokagula galimoto, alionetse makaniko wokhulupirika, aliuze kogula matayala pa mtengo wabwino, akhale pambali pa woyendetsa watsopano tsiku loyamba la chipale. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mlendo sangadziwe zonsezi payekha.

Ana anga, galimoto yabwino ya banja kuno ndi imene ili ndi matayala anayi achisanu, yopanda dzimbiri pansi, yokwana ana onse m'mipando yawo, imene mayi ndi bambo onse akuyendetsa mosaopa, ndiponso imene ngongole yake sikulanda tulo. AWD ndi kutalika zibwere pambuyo pa zimenezi, monga mwa dera lanu ndi ntchito yanu. Chisanu chisanayambe chaka chino, tulukani panja mukayang'ane m'mbali mwa matayala anu. Ngati chithunzi cha phiri la nsonga zitatu palibe, konzani zimenezo mwezi uno, musananyamule ana pa msewu wa chipale.